Kanema Wopanda Choonera, Mawu Osafinyika

Munthu wosaona wajambula ulaliki wa Lamulungu, phunziro la m'kalasi, kapena kwaya ikuyeseza nyimbo. Pa hedifoni zonse zikumveka bwinobwino: kupuma kwa mlaliki asanayambe chiganizo, besi ya azibambo kumbuyo uko, ngakhale benchi ikalira. Akufuna aike pa YouTube kuti anzake amve. YouTube ikukana, chifukwa silandira fayilo ya mawu okhaokha, kaya ndi MP3 kaya ndi WAV. Imafuna kanema. Facebook nayonso n'chimodzimodzi. Ndiye amafufuza kapulogalamu ka pa foni kosandutsa mawu kukhala vidiyo, kamene mabatani ake TalkBack, pulogalamu yowerengera osaona sikirini pa foni ya Android, imangowatchula kuti alibe dzina, amadina mongoyerekeza mpaka zitatheka. Akamvetsera pa intaneti, s ndi ch zonse zikuchita phokoso ngati mafuta m'chiwaya, ndipo kwaya ija ili ngati ikuimbira m'ndowa.

Woona amakhululuka zoterezi msanga, maso amakhala atatangwanika ndi chithunzi. Wosaona alibe kothawira. Kwa iye kanemayo ndi mawuwo basi, ndipo chithunzi chija ndi chiphaso cholowera pakhomo chabe.

Chimene chimawononga ndi kufinya. WAV imasunga mawu onse momwe maikolofoni anawatolera, n'chifukwa chake imakhala yaikulu. FLAC imachepetsa kukulako pafupifupi ndi theka popanda kutaya kanthu. Koma MP3, AAC ndi Opus zimachepetsa fayilo potaya zidutswa za mawu zimene zikuganiza kuti khutu silizimva. Kamodzi, pa mlingo wabwino, zimachita bwino ndithu moti ambiri sangasiyanitse. Vuto limabwera pobwereza. Amene anakula nthawi ya makaseti akudziwa zimene zinkachitika ukadabinga kaseti kuchokera pa kaseti yodabingidwa kale: ulendo uliwonse mawu ankazilala, mpaka mbadwo wachinayi unkangomva mphepo. Kufinya kumachitanso zomwezo, kungoti m'malo mwa mphepo mumamva kuphwanyika kwa s, manja a anthu akuomba ngati pepala likung'ambika, ndi kachiphokoso ka madzi kumapeto kwa liwu lililonse.

Tawerengani maulendo amene mawu ambiri amadutsa. Wina wajambula ngati voice note ya WhatsApp, imene imafinyidwa ndi Opus pa mlingo wotsika woyenera kulankhula kokha. Ndi kamodzi. Wina waisandutsa MP3 kuti itseguke pa kompyuta. Kawiri. Kapulogalamu kopanga vidiyo kaifinyanso kukhala AAC osafunsa aliyense. Katatu. YouTube nayo imafinya chilichonse chimene yalandira, n'kupanga makope ake a AAC a pafupifupi 128 kbps (kbps ndi muyeso wa deta imene mawu amadya pa sekondi) ndi a Opus ofika cha m'ma 160 kbps, kuphatikizapo ena otsika kwambiri a anthu amene netiweki ikuwavuta. Kanayi. Kufinya komalizaku simungakupewe, si kwanu. Kumene kuli m'manja mwanu ndi kwa m'mbuyomo, ndipo cholinga n'chakuti YouTube ilandire mawu osafinyidwapo n'kamodzi komwe, kapena ofinyidwa kamodzi kokha pa mlingo wapamwamba.

Pali zikhulupiriro ziwiri zimene zimadyera anthu bandulo pachabe. Choyamba, kutenga MP3 ya 64 kbps n'kuisandutsa 320 kbps sikubwezeretsa chimene chinatayika. Fayilo yangokula, ndipo mwaifinyanso kachiwiri. Chachiwiri, kuti chithunzi chikakhala cha 4K ndiye mawu amveka bwino. Kale zinali ndi choonadi chake, pamene YouTube inkamangiriza mlingo wa mawu ku kukula kwa chithunzi. Masiku ano mawu amatumizidwa paokha, chithunzi paokha. Cha 1280 ndi 720 n'chokwanira.

Zambiri zimawonongekera pojambula pomwe, kanema asanaganiziridwe n'komwe. Ngati pulogalamu yanu yojambulira ili ndi WAV, sankhani imeneyo, pa 48 kHz, poti ndi mlingo umene makanema amayendera. Pa iPhone, Voice Memos ili ndi posankha Lossless m'masetingi ake. Zimitsani chodzikwezera chokha volyumu ndi chochotsa phokoso ngati mukujambula nyimbo, chifukwa zinapangidwira munthu mmodzi wolankhula pa foni. Kwaya ikakoka liwu lalitali, foni imaliyesa phokoso n'kuyamba kulidya. Ndipo pali msampha umene umakola osaona kwambiri kuposa ena, poti iwo amavala mahedifoni kuti amve pulogalamu yowerenga sikirini: mahedifoni a Bluetooth. Maikolofoni ake akangoyatsidwa, kalumikizidwe kamasintha n'kulowa m'njira ya kuimba foni, imene imayenda pa 8 kapena 16 kHz, mbali imodzi. Mukajambula motero, mawu afa kale, palibe pulogalamu ingawadzutse. Valani mahedifoni a waya, ndipo tsimikizani kuti amene akujambula ndi maikolofoni amene mukufunawo. Mahedifoniwo akuthandizaninso kuti liwu la TalkBack kapena NVDA, yowerenga sikirini pa kompyuta, lisalowe m'zojambulazo.

Mlingo wa volyumu pojambula ndi nkhani yovuta kwa amene saona timagetsi tosonyeza kukwera kwa mawu. Mawu akagunda 0 dB amadulidwa nsonga, n'kumveka ngati sipika yong'ambika, ndipo zimenezi sizichira. Bwino kutsitsa: nsonga zizifika cha pa -12 dB, mudzakweza pambuyo. Makina ojambulira a 32-bit float anathetsa nkhawa imeneyi kwambiri chifukwa sadula nsonga m'fayilo, ndipo a Zoom a mtundu wa H1essential, H4essential ndi H6essential, amene anatuluka mu 2024, amalankhulanso mamenyu awo. Si otchipa, koma gulu lojambula sabata ndi sabata lingaganizirepo.

Tsopano chida. Mapulogalamu okonzera makanema anapangidwira maso: kukoka ichi ndi mausi, kuika apo, kutambasula uko. Pa ntchito yathuyi, yophatikiza chithunzi chimodzi ndi mawu, ffmpeg imaposa onsewo, ndipo ndi yaulere. Ilibe mabatani. Mumalemba mzere umodzi wa malangizo, iyo imayankha ndi zilembo, zimene pulogalamu yowerenga sikirini, kaya NVDA, JAWS kapena VoiceOver, imawerenga popanda vuto. Apa wosaona sasiyana ndi woona ngakhale pang'ono. Pa Windows imaikidwa polemba winget install Gyan.FFmpeg, pa Mac brew install ffmpeg. Kuti musavutike ndi kulemba njira zazitali za mafoda, ikani chithunzi ndi mawu m'foda imodzi, tsegulani fodayo, dinani Alt ndi D, lembani cmd, kenako Enter. Windo yolembera malangizo itsegukira momwemo. Mayina a mafayilo akhale aafupi, opanda mipata; batani la Tab limamalizitsa dzina mukalemba zilembo zoyamba.

Musanapange kanema, yezani mawuwo. Lembani:

ffmpeg -i ulaliki.wav -af loudnorm=print_format=summary -f null - 2> lipoti.txt

Sichisintha kanthu, chimangomvetsera fayilo yonse n'kulemba zotsatira mu lipoti.txt, imene mutsegule ndi Notepad n'kupita kumapeto. Mizere iwiri ndiyo yofunika. Input Integrated ikuuzani mphamvu ya mawu onse pamodzi mu LUFS. Input True Peak ikuuzani pamene nsonga yaitali kwambiri yafika. YouTube imatsitsa chilichonse choposa cha pa -14 LUFS, choncho kukankha mawu mpaka kumapeto sikupindula kanthu, mungowaphwanya kenako n'kutsitsidwa. Koma otsika kwambiri musayembekezere kuti wina akukwezerani. Womvera pa foni ya sipika yaing'ono m'minibasi adzangosiya. Pakati pa -16 ndi -14 ndi pabwino, ndipo nsonga isapose -1 dB, chifukwa kufinya kumakweza nsonga pang'ono, moti fayilo imene inali pa 0 ndendende imatuluka ikung'ambika.

Masamu ake ndi apafupi. Tinene kuti lipoti lati -24 LUFS ndipo nsonga ili pa -9. Mukakweza ndi 8 dB, mufika pa -16 ndi -1. Ndiye:

ffmpeg -i ulaliki.wav -af volume=8dB -c:a pcm_s24le wokonzeka.wav

Kukweza kotereku ndi koyera, chilichonse chimakwera mofanana. Zimavuta nsonga ikakhala kale pafupi ndi 0 koma mawu onse ali pansi, monga mlaliki amene amanong'ona mphindi khumi kenako n'kufuula aleluya mmodzi. Apo gwiritsani ntchito -af loudnorm=I=-16:TP=-1.5:LRA=11, imene imakweza zotsika n'kugwira zokwera. Onjezani -ar 48000 nthawi zonse, chifukwa loudnorm ikasiyidwa yokha imatulutsa fayilo ya 192 kHz, yaikulu kanayi popanda phindu. Pa kulankhula imachita bwino. Pa kwaya tingakulangizeni kuipewa: woimbitsa anavutika kuphunzitsa anthu ake kutsika ndi kukwera, ndipo makina amafafaniza ntchitoyo. Amene amakonda pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity apeza Loudness Normalization m'mndandanda wa Effect, ndipo inzake ya Reaper ndi chowonjezera cha OSARA imalankhula milingo ya mawu. Chofunika n'chakuti potulutsa musankhe WAV kapena FLAC, osati MP3.

Pali matenda awiri a waya amene amagwira kwambiri zojambulidwa kuchokera pa mikisa ya ku tchalitchi kapena ku holo. Oyamba ndi odziwika: mawu akumveka khutu limodzi lokha, poti maikolofoni analowa pa bowo loyamba, lachiwiri lili lopanda kanthu. Achiwiri ndi oopsa chifukwa amabisala. Mukatenga mawu pa bowo la balanced la mikisa n'kuwalowetsa m'kabowo ka stereo ka laputopu kapena kamera, kumanzere kumalandira mawu, kumanja kumalandira omwewo koma otembenuzidwa. Pa hedifoni amamveka, ngakhale modabwitsa, ngati akuchokera m'kati mwa mutu kapena kumbuyo kwake. Koma foni ya sipika imodzi imaphatikiza mbali ziwirizo, ndipo zimafafanizana, mlaliki n'kuzimiririka kutsala kaphokoso. Inu munamvetsera pa hedifoni n'kukhutira, omvera akulemba kuti sakumva kanthu. Mankhwala a matenda onse awiri ndi amodzi, kutenga mbali imodzi yokha: -af "pan=mono|c0=c0" kumanzere, kapena c0=c1 ngati mawu ali kumanja. Musagwiritse ntchito -ac 1 pa vutoli, chifukwa iko kamaphatikiza mbali zonse, ndipo kachita chimodzimodzi chimene foni ija inachita.

Kulira kwa pansi kosalekeza, kwa hmmm, kawirikawiri ndi magetsi, amene kwathu kuno amayenda pa 50 Hz. Pojambula ndi laputopu, yesani kuzula chaja. Nthawi zambiri kumasiya pomwepo. Ngati kwalowa kale, highpass=f=80 imachepetsako pa kulankhula. Pa nyimbo samalani, idya besi.

Mawu akakonzeka, kanemayo ndi mzere umodzi:

ffmpeg -loop 1 -framerate 2 -i chithunzi.jpg -i wokonzeka.wav -map 0:v -map 1:a -c:v libx264 -tune stillimage -pix_fmt yuv420p -c:a copy -shortest kanema.mov

Mtima wa mzerewu ndi -c:a copy. Akutanthauza kuti mawu anyamulidwe momwe alili, asakhudzidwe, angoikidwa m'chotengera chatsopano. Ndicho chimene timapulogalamu ta pa foni tija sitichita. Chotengeracho chikhale MOV pa WAV, poti MP4 siimagwirizana bwino ndi mawu osafinya. Ngati chimene muli nacho ndi MP3 kapena M4A basi, choyambirira chinatayika, gwiritsani ntchito mzere womwewo, dzina lomaliza likhale kanema.mp4. Musaisandutse kanthu kena. Timawu ta -map tili ndi ntchito yake: MP3 zambiri zimabisa kachithunzi m'kati, ndipo popanda -map ffmpeg ingasankhe iko m'malo mwa chanu, inu osadziwa. -framerate 2 ikuti zithunzi ziwiri pa sekondi, zokwanira pa chinthu chosayenda, ndipo kompyuta yakale imamaliza ola lonse mosachedwa. Malo ena akakana kanema wotere, kwezani pa 25. -pix_fmt yuv420p imaonetsetsa kuti foni iliyonse itsegule. Mukaonjeza -loglevel warning, NVDA siikusokosani ndi manambala osintha sekondi iliyonse.

Koma bandulo ndi ndalama. WAV ya 48 kHz, 16-bit, mbali ziwiri imadya pafupifupi 690 MB pa ola; mbali imodzi 345 MB; ya 24-bit onjezani theka lina. Pa netiweki yoduladula, imeneyo ndi ntchito ya usiku wonse. Apa kufinya kamodzi n'kololeka, bola mlingo ukhale wapamwamba kuposa umene YouTube idzatulutse. M'malo mwa -c:a copy lembani -c:a aac -b:a 384k, kanemayo akhale MP4, ndipo onjezani -movflags +faststart. 384 kbps ndi mlingo umene YouTube yeniyeniyo imalimbikitsa pa stereo, ndipo umadya cha m'ma 173 MB pa ola. Pa munthu mmodzi wolankhula, mbali imodzi, 128 kbps imakwana, imene ndi 58 MB. Kunena zoona, pa ulaliki kapena phunziro, kusiyana kwa WAV ndi AAC yabwino kukadutsa m'makina a YouTube n'kochepa kwambiri moti si kofunika kugulira bandulo yachiwiri. Sungirani WAV nyimbo zimene mwazivutikira.

Zolakwika zimene zimabwera kawirikawiri n'zochepa. Uthenga wakuti width not divisible by 2, kapena height, ukutanthauza kuti mulifupi kapena msinkhu wa chithunzi ndi nambala yosagawika pawiri. Onjezani -vf "scale=1280:720:force_original_aspect_ratio=decrease,pad=1280:720:-1:-1" ndipo chithunzi chilichonse chilowa pakati osapindika. Nthawi zina kanema amatalika masekondi angapo kuposa mawu, kumapeto kuli zii; ffprobe wokonzeka.wav ikuuzani utali weniweni, ndipo -t 00:42:15, kapena nambala imene mwapezayo, imadula pomwepo. Akaunti ya YouTube yosatsimikizidwa ndi nambala ya foni siilandira kanema woposa mphindi 15, ndipo zimapweteka kuzindikira zimenezi fayilo itakwera kale. Nyimbo ya eniake yoikidwa pansi pa mawu ingachititse kuti kanemayo atsekedwe kapena azimitsidwe mawu.

Za chithunzicho, n'zotheka kupanga chakuda bii polemba -f lavfi -i color=c=black:s=1280x720:r=2 m'malo mwa mbali ya chithunzi ija. Chimagwira ntchito, koma woona akachiona amayesa foni yawonongeka. Chabwino n'kupempha munthu kamodzi akupangireni chithunzi cha 1280 ndi 720 cholembedwa dzina la gulu lanu, n'kumachigwiritsa ntchito mpaka kalekale. Chojambulidwa ndi foni chikhoza kutuluka chogona chammbali, choncho musanatumize funsani wina, kapena mapulogalamu a pa foni ofotokozera osaona zithunzi, monga Be My Eyes kapena Seeing AI, kuti chikuoneka bwanji.

Amene amachita izi sabata iliyonse asamalembe mzerewu ulendo uliwonse. Ulembeni kamodzi mu Notepad, pa dzina la mawu ikani "%~1", pa dzina la kanema ikani "%~dpn1.mp4" (kapena "%~dpn1.mov" ngati mukunyamula WAV yosafinya), chithunzi chipatseni njira yake yonse, pansi pake lembani pause kuti windo isatseke musanamve yankho, n'kusunga ngati kanema.bat. Dinani Windows ndi R, lembani shell:sendto, ikani fayiloyo m'foda imene yatsegukayo. Kuyambira pamenepo, mumangoima pa fayilo ya mawu, Shift ndi F10, Send to, kanema, Enter.

Kumvetsera komaliza kuli ndi msampha wake. NVDA, TalkBack ndi VoiceOver zili ndi kachitidwe kotsitsa mawu ena zikamalankhula, ndipo pa NVDA kangathe kuikidwa kuti kazitsitsa nthawi zonse. Mukaiwala, muganiza kuti kanema wanu ndi wotsika kapena akukwera n'kutsika yekha, n'kuyamba kukonza chimene sichinawonongeke. Pa NVDA kamasinthidwa ndi batani la NVDA, Shift ndi D. M'masetingi a posewerera pa YouTube mulinso Stable volume, imene imasalaza kukwera ndi kutsika. Izimitseni poyesa nyimbo. Ikani kanemayo ngati Unlisted poyamba, kuti aonedwe ndi okhawo amene ali ndi linki, dikirani amalize kukonzedwa, kenako mumvetsere kawiri: pa hedifoni, ndi pa sipika ya foni yotchipa kwambiri imene ili pakhomopo. Yachiwiriyo ndi imene omvera ambiri ali nayo, ndipo ndi imene imaulula matenda a waya aja. Pa kiyibodi, J ndi L zimalumpha masekondi khumi, K imaimitsa. Dumphani mpaka pamalo pamene panali phokoso lalikulu, ndi pamene pamang'ambikira.

WhatsApp ndi nkhani ina, ndipo ndi yosavuta: kumeneko kanema safunika n'komwe. Mukatumiza ngati vidiyo, imafinyidwa. Mukatumiza MP3 kapena M4A ngati Document, imafika momwe inachokera, mpaka 2 GB. Ndipo musatenge fayilo imene yazungulira m'magulu, kapena yotsitsidwa pa Facebook, n'kuikweza pa YouTube. Funsani amene anajambula akupatseni yoyambirira, ngakhale pa fulashi.

Womvera wosaona akafika pa kanema wanu, chimene chalembedwa pa chithunzi sachidziwa. Ngati mutu wa ulaliki, dzina la kwaya ndi tsiku zili pa chithunzi pokha, kwa iye kulibe. Zinenedwe ndi pakamwa m'masekondi oyamba, zilembedwenso pa mutu wa kanema ndi m'malo ofotokozera. M'malo omwewo lembani nthawi ya chigawo chilichonse pa mzere wakewake, woyamba uyambire pa 0:00, zigawo zisachepere zitatu, chilichonse chosachepera masekondi khumi. YouTube imasandutsa manambalawo malinki amene pulogalamu yowerenga sikirini imawapeza, moti wofuna nyimbo yachitatu safunika kudina L maulendo zana. Mwachitsanzo: 0:00 Pemphero lotsegulira, 4:30 Kuwerenga mawu, 11:05 Ulaliki, 48:20 Kwaya ya amayi.